Masewera Aakulu Akabwera Mumzinda Mwathu

Mu Disembala 2022 mzinda wa Lilongwe udalandira achinyamata a m'maiko 10 a kum'mwera kwa Africa, omwe adadzapikisana pa masewera a Region 5. Masewera otere amabwera ndi ndalama. Malo ogona alendo amadzaza, akabaza sapuma, ndipo mayi wogulitsa mandasi amabwerera kunyumba beseni lili mbee. Komatu amayi anzanga, khamu la anthu limabweranso ndi zoopsa zake, ndipo zambiri zimagwera ana athu.

Choyamba ndi matenda otsegula m'mimba. Pamene masewerawo ankachitika, dziko lathu linali pa vuto la kolera, yemwe adayamba ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho ndipo adapha anthu oposa 1,700. Kolera amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Anthu akachuluka pamalo amodzi zimbudzi zimachepa, madzi osamba m'manja amasowa. Ngati mukugulitsa chakudya, chivundikireni, chikhale chotentha, ndipo pambali panu pakhale madzi ndi sopo. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Wina akayamba kutsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo, apitirize kumwa muli pa ulendo wa kuchipatala.

Chachiwiri ndi kupanikizana pazipata. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adamwalira pachipata cha bwalo la Bingu pamene khamu linkalimbirana kulowa kukaonera mpira. Pa ngozi yotere munthu amafa chifukwa chifuwa chapanikizika moti sangathe kupuma, ndipo mwana, poti ndi wamfupi, ndiye amayamba kugwa. Mwana asapite yekha kubwalo. Mayi woyembekezera kapena wobereka khanda kumbuyo ndi bwino angomvera pa wailesi.

Chachitatu ndi atsikana athu. Kumene kuli alendo, mowa ndi ndalama, ena amanyengerera ana ndi timphatso. Tizidziwa kumene mwana wapita ndi amene wapita naye. Mwana akagwiriridwa, musabise chifukwa cha manyazi. Thamangirani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi.

Masewera ena akadzalengezedwa, tidzakambirane zimenezi msanga m'miphakati ndi pa misonkhano yathu ya amayi. Tigawane ntchito: ndani adzaperekeze ana, ndani adzayendere ogulitsa zakudya. Alendo tiwalandire ndi manja awiri, koma madzulo mwana aliyense akagone kwao ali bwino.