Kuyendera Ng'ombe ku Busa

Mwezi wa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ng'ombe za m'midzi ya Katete zimakhala zitamasulidwa kale. Cimanga cili m'nkhokwe, tsono ziweto zingoyenda zokha m'mapesi, m'madambo ndi m'thengo, zina mpaka kugona komweko. Eni ace ambiri akaziwerenga napeza kuti zakwanira, mtima wao ukhala pansi. Koma kuwerenga ng'ombe ndi kuziyendera ndi nchito ziwiri zosiyana.

Woyendera ayenera kupenya ng'ombe iliyonse payokha, makamaka m'mamawa kapena pa nthawi yakumwa madzi. Ng'ombe yamoyo idya pamodzi ndi zinzace, ndipo ikakhuta igona pamthunzi nibzikula. Mphuno yace ikhala yonyowa. Yodwala itsalira m'mbuyo, iweramitsa mutu, ubweya wace uimirira, ndipo ileka kubzikula. Mnyamata wobusa aziona zimenezi, inde, koma kawirikawiri aopa kunena, poganiza kuti mlandu ugwera iye.

Nthenda yoopsa koposa m'dziko la Katete ndiyo cigodola. Imadza ndi nkhupakupa yofiirira imene ikonda kuluma m'makutu. Nkhupakupayo ikwera pa nsonga za udzu ndi kudikira ciweto copita, ndipo poyamwa magazi isiya kacirombo kosaoneka ndi maso, kochedwa Theileria parva. Dzinali licokera kwa Arnold Theiler, dotolo wa ziweto amene anafufuza nthendayi ku South Africa. M'Zambia cigodola cinapezeka koyamba m'caka ca 1922 ku dera la Nakonde. Nkhupakupa zazikulu zicuruka m'dzinja, kuyambira December kufikira March, koma tiana tace tiluma m'miyezi ya cisanu, nthawi yomweyo imene ng'ombe ziyamba kuyenda zopanda mbusa.

Cizindikiro coyamba sicioneka patali ai. Ndico mwanabere wotupa kunsi kwa khutu, ndipo amtsata wina patsogolo pa phewa. Munthu ayenera kuigwira ng'ombe ndi kuisisita ndi dzanja pa malo amenewa. Pakapita masiku ngati 10 ciilumire nkhupakupa, thupi litentha kupitirira madigiri 40, pamene la ng'ombe yamoyo likhala pakati pa 38 ndi 39. Pambuyo pace maso acita misozi, kupuma kubvuta, madzi adzaza m'mapapu, ndipo potsiriza thobvu lituruka m'mphuno. Zambiri zifa pa sabata lacitatu kapena lacinai. Mankhwala alipo, monga buparvaquone, koma agwira bwino nchito pa masiku oyamba a kutentha thupi. Mwini amene aona ng'ombe zace kamodzi pa sabata angathe kufika thobvu litayamba kale. Apo nkubvuta kuti dotolo aipulumutse. Ndipo ikakhala ng'ombe yapagoli, inzace yotsalayo singathe kukoka pulao yokha mvula ikagwa.

Ng'ombe za mtundu wa Angoni, za linunda ndi nyanga zazifupi, zipirira nthendayi koposa ng'ombe zacizungu, koma mathole ao afa ndithu. Cifukwa cace kuyambira 1987 a zaziweto, mothandizana ndi akatswiri a ku Belgium, anayamba kutemera mathole ku Eastern Province. Kacirombo ka m'katemerayo kanatengedwa m'boma lomweli, ndipo m'mabuku a madotolo kadziwika ndi dzina la Katete. Thole alibaya kacirombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti lidwale pang'ono cabe ndi kukhala lolimba kwa zaka zambiri. Mwini waulesi yekha ndiye aphonya tsiku la katemera ameneyu.

Komatu katemera wa cigodola saletsa nthenda zina, ndipo sapha nkhupakupa. Dibi ndi mankhwala opopera zikali ndi nchito yace. Ng'ombe zimene zidya m'thengo la kufupi ndi cigwa ca Luangwa zikomana ndi nchenche ya kashembe. Nthenda yace ndi yapang'onopang'ono: ciweto cingoonda ngakhale msipu ulipo, ndipo m'kati mwa zikope muyera cifukwa ca kucepa kwa magazi. M'mwezi wa October, madambo atauma, nkwapafupi kuyesa kuti ndi njala cabe. Woyendera atsegule cikope ca ng'ombe yoondayo napenye. Mukakhala moyera m'malo mofiira, aitane wa zaziweto kuti adzatenge magazi a kukhutu ndi kukawapima.