Nkhuku ya Khirisimasi ndi Cholembera cha Mtolankhani

Mwezi wa December ukafika pakati, m'makomo ambiri muno m'Malaŵi mumakhala funso limodzi: kodi pa 25 tidzadya chiyani? Mvula imakhala itagwa, anthu ali kalikiliki kupalira m'minda, chimanga m'nkhokwe chikupita pansi, ndipo kandalama kamene kalipo kakudikiridwa ndi feteleza wobereketsa ndiponso fizi ya ana ya mu January. Komabe abambo ndi amai amayesetsa kuti pa tsikuli ana asadyere nsima ndiwo zamasamba monga masiku onse. Amasunga nkhuku, amagula mpunga pang'ono, ndipo akatha amagulira ana kachovala katsopano.

Nyengo yomweyi ndi imenenso makampani, andale ndi mabungwe amatumiza madengu a mphatso kwa anthu amene amaŵaona kuti ndi ofunika pa ntchito zao. Pakati pa olandira madenguŵa pali atolankhani. M'dengumo mumakhala zomwe zija mai aliyense akuzilakalaka: mpunga, shuga, mafuta ophikira, nkhuku, zakumwa, mwinanso envulopu ya ndalama. Lero tifuna tikambirane za dengu limeneli, pakuti ngakhale limalandiridwa ku ofesi, kothera kwake ndi pa mafuwa a banja. Ena mwa inu makolo muli ndi ana ogwira ntchito ku nyuzipepala kapena ku wailesi, achinyamata ambiri akuphunzira ntchito imeneyi, ndipo tonsefe timaŵerenga ndi kumvera zimene atolankhani atitolera.

Mphatso monga tidaidziŵira kwathu

Tiyambe takumbukira m'mene chakudya cha Khirisimasi chimakonzedwera. Ntchito imayamba dzulo lake ndi thobwa. Amai amaphika phala la ufa wa chimanga, nalisiya kuti lipole mpaka lingokhala lofunda, kenaka amathiramo chimera cha maŵere kapena cha chimanga ndi kutakasa bwino. Chimeracho ndicho chimasungunula phala ndi kulipatsa kutsekemera. Likagona usiku, m'maŵa mwake amaliŵiritsanso, ndipo likazizira ndiye kuti thobwa lapsa. Atsikana amapeta mpunga m'lichero ndi kusankhamo timiyala, kaya ndi wa Kilombero wonunkhira uja wa ku Karonga, kaya ndi wa Faya wa m'mbali mwa nyanja. Anyamata amathamangitsa tambala wachikuda amene wakhala akusungidwa kuyambira nthaŵi yokolola. Nkhuku yotereyi safulumira nayo. Amaiŵiritsa pa moto wochepa mpaka itafeŵa, ndiye pambuyo pake nkuikazinga ndi anyezi ndi matimati. Pena pamakhalanso chigumu kapena zitumbuwa za nthochi zoti ana azidya akuyembekeza mpunga.

Chakudya chikapsa, amai asanapakulire a m'nyumba, amayamba atenga mbale ina, naikamo mpunga ndi nthuli ziŵiri, naivundikira, nkutuma mwana kuti akapereke kwa agogo okhala okha kuseri kwa mudzi, kapena kwa mai wamasiye woyandikana nao. Mwambo umenewu ngwakalekale. Ngakhale m'buku la Nehemiya, mutu 8, anthu pa tsiku la chikondwerero adauzidwa kuti adye zonona, amwe zotsekemera, ndi kutumizako kwa amene sadakonze kanthu.

Taonani m'mene mbale imeneyi imayendera. Imayenda usana, mwana ataisenza poyera, ndipo wina akamufunsa kumene akupita amayankha mosabisa. Imapita kwa munthu amene alibe mphamvu iriyonse pa ife. Akuluakulu adati kupatsa nkuika, ndipo nzoona kuti mbale ija kaŵirikaŵiri sibwerera yopanda kanthu. Agogo amaikamo timtedza kapena mango aŵiri. Koma chimene iwo abweza ndi chao, cha m'munda mwao.

Kodi mtolankhani amabweza chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani. Nayenso mkulu wa kampani kapena wandale wotumiza dengu amadziŵa kuti kupatsa nkuika. Nanga mtolankhani adzabweza chiyani? Alibe mtedza woti aike m'dengumo. Chimene wopereka uja akuyembekeza ndi cholembera: kuti zabwino zake zilembedwe pa tsamba loyamba, ndipo zoipa zake zisatuluke. Tsono choona chimene mtolankhani wapeza si katundu wake ai. Eni ake ndi aŵerengi ndi omvera. Iye adangotumidwa kuti akaone ndi kudzatiuza. Motero akabweza mphatso mwa kubisa nkhani, walipira ngongole yake ndi katundu wa eni.

Tiyerekeze kuti pa esiteti ina antchito akhala miyezi itatu osalandira malipiro, kapena kuti pa chipatala china mankhwala akutuluka usiku kupita kukagulitsidwa. Mtolankhani wamva, ndipo umboni ali nao. Koma mwezi wathawu ana ake adadya nkhuku yochokera kwa mwini esiteti. Palibe amene wamuuza kuti asalembe. Iye yekha akumva manyazi, akuti ndidzalemba maŵa, ndipo maŵalo silifika. Wolipira mtengo wa nkhuku ija ndi wantchito wosalandira malipiro ndi mwana wosoŵa mankhwala, anthu amene sadalaŵeko ndi msuzi womwe.

Dziko lathu lidaonapo kufunika kwa atolankhani osagulika. Mu 2013 kudaululika kubedwa kwa mabiliyoni a makwacha ku likulu la boma ku Capital Hill, nkhani ija idatchedwa Cashgate, ndipo maiko otithandiza adaimitsa thandizo lao la ku bajeti. Anthu a ku midzi adadziŵa zimenezi kudzera m'manyuzipepala ndi pa wailesi, zimene zidalondola milanduyo mpaka ku makhoti. Ndime 36 ya malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, imapereka ufulu kwa atolankhani wofalitsa nkhani. Ufulu umenewu udaperekedwa chifukwa cha ife tonse, ndipo nzomvetsa chisoni ukagulitsidwa ndi thumba la mpunga.

Chipondamthengo

Chizoloŵezi chopatsa atolankhani kenakake chiri ndi dzina lake kuno kwathu: chipondamthengo. Kale dzinali linkanena za kamphatso kamene munthu ankapereka kwa sing'anga asanaloŵe m'thengo kukafuna mankhwala. Lero likunenanso za envulopu imene imaperekedwa msonkhano wa atolankhani ukatha, amati ndi ya thiransipoti kapena ya nkhomaliro. Vutoli liri m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo konsekonse adalipezera dzina loseketsa. Ku Zambia amati ndalama ya matako, kutanthauza malipiro a kukhala pansi pa msonkhano. Ku Ghana amati soli, ku Cameroon amati gombo, ku Tanzania amati mshiko. Chinthu chimene anthu amachitchula mozungulira chotere ndiye kuti mumtima akudziŵa kuti sichiri bwino.

Nkhaniyi idaphulikapo poyera mu November 2014. Pulezidenti Peter Mutharika adaitanira atolankhani ku chakudya chamadzulo ku nyumba ya boma ya Sanjika mu mzinda wa Blantyre, ndipo oitanidwawo adapatsidwa envulopu ya K50,000 aliyense. Ena adabweza ndalamazo, ena adakazipereka ku ntchito zachifundo, ena adazisunga. Kwa masiku angapo anthu adatsutsana ngati imeneyi idali mphatso ya ulemu kapena chiphuphu. Chimene tiphunzirapo nchakuti atolankhani amene adakhala pa tebulo limodzi, nadya chakudya chimodzi, adasankha mosiyana. Munthu akhoza kukana.

Zimene malamulo a ntchitoyi amanena

Atolankhani eni ake adaiona kale mbuna imeneyi. Mu 1954 bungwe la atolankhani a dziko lonse la International Federation of Journalists lidakumana ku Bordeaux m'dziko la France, ndipo lidaika kulandira chiphuphu cha mtundu uliwonse, pofuna kufalitsa kapena kubisa nkhani, m'gulu la milandu yaikulu ya pa ntchito. Malamulowo adakonzedwanso ku Tunis mu 2019, ndipo mfundo yokana kugulidwa idakalimo. Kuno kwathu bungwe la Media Council of Malaŵi liri ndi malamulo a khalidwe oletsa zomwezi. Palinso lamulo la boma lothana ndi ziphuphu la mu 1995, limene lidabala bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Nyuzipepala zina zidaika malire omveka bwino. Buku la malangizo la The New York Times ya ku America, la mu 2004, lidalola antchito ake kulandira tinthu tating'ono tokha, monga kapu kapena chipeŵa, tosapitirira madola 25. Zoposa apo lidati zibwezedwe pamodzi ndi kalata yaulemu yofotokoza chifukwa chake.

Komatu tisafulumire kuloza chala. Atolankhani ambiri, makamaka a m'maboma ndi a mawailesi a m'madera, amalandira malipiro ochepa, ndipo ena amalipidwa pokhapokha nkhani yao ikatuluka. Ena amatumidwa kutali popanda ndalama ya basi, kotero kuti amakwera galimoto la munthu yemwe akukamulembayo. Mwini nyuzipepala kapena wailesi amene salipira antchito ake mokwanira, namayembekeza kuti adzipezera okha ku misonkhano, ali ndi gawo lalikulu pa mlanduwu. Wantchito ayenera malipiro ake. Koma umphaŵi, ngakhale ukutithandiza kumvetsa chifukwa chake munthu amagwa, sungasandutse chiphuphu kukhala mphatso.

Tingasiyanitse bwanji?

Wina anena kuti pa chikhalidwe chathu kukana mphatso ndi mwano. Nzoona. Mtolankhani akafika pa mudzi, mai wina namupatsa chikho cha thobwa kapena chimanga chootcha, alandire ndi manja aŵiri. Kumeneko nkulandira mlendo, ndipo aliyense wodutsa akadapatsidwa chimodzimodzi. Koma pa mphatso ya mtengo wake pali mafunso atatu othandiza.

Loyamba: kodi ndikadakhala kuti ntchito idandithera mwezi watha, dengu iri likadabwerabe? Ngati yankho ndi iai, ndiye kuti mphatsoyo yatumizidwa kwa cholembera.

Lachiŵiri: kodi ndingathe kulemba pansi pa nkhani yanga kuti munthu amene ndamulemba pano adandipatsa nkhuku ndi ndalama? Chimene tikuchita nacho manyazi kuuza aŵerengi chiri ndi chilema.

Lachitatu: kodi munthuyu akalakwa mu January, ndidzalemba ndi dzanja losanjenjemera?

Mafunsoŵa akatitsutsa, njira iripo. Mtolankhani auze mkonzi wake, abweze mphatsoyo ndi mau aulemu. Ngati ndi chakudya choti chingaonongeke, achitumize ku chipatala kapena kosungira ana amasiye, ndipo wopereka uja adziŵitsidwe kumene chapita. Potero palibe wonyozedwa, ndipo palibe wogulidwa.

Gawo la banja

Tikumbuke nkhani ya pa 2 Mafumu, mutu 5. Namani atachira khate adafuna kupereka mphatso kwa Elisa, koma mneneriyo adakana. Gehazi mnyamata wake adamthamangira m'seri, nalandira matalente aŵiri a siliva ndi zovala ziŵiri, nkukazibisa m'nyumba. Chilango chake chidakhudza iye ndi zidzukulu zake zomwe. Chobisidwa m'nyumba chimafika kwa ana, pakuti ana amaona. Amadziŵa nkhuku imene yagulidwa ndi malipiro, amadziŵanso imene yabwera ndi galimoto la bwana wina, makolo nayamba kulankhula motsitsa mau.

Inu amai ndi abambo amene anzanu a m'banja ali atolankhani, mau anu ali ndi mphamvu. Munthu akabweza dengu ku ofesi, nafika kunyumba chimanjamanja, nkulandiridwa ndi mau akuti anzako onse abweretsa, iwe wokha ndiye wochenjera, chaka chinacho sadzabwezanso. Koma akamva kuti mwachita bwino, tidya zomwe tiri nazo, adzalimba mtima. Inu makolo a ku mudzi, mwana wanu akabwera pa Khirisimasi ndi shuga wochepa, musamuyerekeze ndi mwana wa uje. Mwina manja ake ndi opepuka chifukwa ndi oyera. Ndipo mau omweŵa akhudza mphunzitsi, namwino, wapolisi, kalaliki wa ku khoti ndi mfumu yogaŵa makuponi, pakuti onseŵa adasungitsidwa katundu wa eni.

Enafe tiri kumbali ya opereka. Ngati muli ndi sitolo, kampani kapena udindo, ndipo mtima wanu ukufuna kupatsa pa nyengo ino, yang'anani mlonda wanu, wosesa pa ofesi, ndi odwala amene adzagone m'chipatala pa 25 popanda woŵazonda. Mtolankhani mumpatse chimene ntchito yake imafuna: yankho loona ndi la msanga akakufunsani.

Inu anyamata ndi asungwana amene mukulakalaka kudzamveka pa wailesi kapena kuona dzina lanu m'nyuzipepala, m'mera mpoyamba. Envulopu yoyamba ndiyo yovuta kukana, ndipo mukailandira, yachiŵiri simudzaifunsanso mafunso. Dzina la mtolankhani wosagulika limamangidwa zaka zambiri, ndipo anthu amadziŵa nkhani za yani angazikhulupirire. Chaka chino, amai akakutumani ndi mbale kwa agogo, senzani mokondwa, ndipo muzindikire kuti mukuphunzira mphatso yeniyeni m'mene imakhalira.

Tikufunirani nonse Khirisimasi ya mtendere ndi chaka chatsopano chopambana.