Malipiro a Wantchito wa m'Loja ya Kalamidade

Tonsefe timazidziwa zovala za kalamidade. Ku Malawi amati kaunjika, ku Zambia amati salaula. Dzina lathuli lidayamba m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya chilala ndi nkhondo, pamene zovala zakale zinkabwera kuchokera kunja monga thandizo. Lero ndi malonda. Zimafika m'mabelo, ndipo zina zimagulitsidwa m'maloja momwe muli antchito olembedwa.

Ntchito ya m'loja yotere ndi yambiri. Chovala chilichonse chili ndi maonekedwe ake. Wina atsegule belo, asankhe, apatule chong'ambika, aike mtengo. Zonsezi ndi manja a munthu.

Tsono tifunse: mwini loja amatulutsa ndalama zingati pa wantchito mmodzi? Ambiri amati, "Malipiro basi." Iyayi, anzathu. Mlimi sawerenga mbewu yokha. Amawerenganso feteleza, matumba ndi ngolo.

Mu 1989 mudatuluka lamulo la chitetezo cha antchito m'Mozambique muno. Ndalama zake zimapita ku bungwe la INSS, ndipo ndizo zimathandiza wantchito akadwala kapena akakalamba, ndi banja lake iye akamwalira. Pa metikali 100 zilizonse za malipiro, 7 zimapita kumeneko. Mwini loja amapereka 4 za m'thumba mwake. Wantchito amadulidwa 3.

Tiyese ndi chitsanzo. Malipiro akhale 10,000 pa mwezi. Wantchito adulidwa 300, atsala ndi 9,700. Mwini loja aonjeza 400, ndiye kuti watulutsa 10,400. Ku INSS kwapita 700. Malipiro akakwera, 400 ija imakweranso.

Palinso masiku amene munthu sagwira ntchito koma ufulu wake ulipo. Lamulo la ntchito la 2007 linkapatsa mayi wobereka masiku 60. Lamulo la 2023 lidawakweza kufika 90. Bambo wa mwana ankapuma tsiku limodzi lokha, tsopano ndi masiku 7. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 12 chaka choyamba, 30 zaka zotsatira, malipiro osadulidwa. Wantchito ali ku tchuthi, belo silidzitsegula lokha. Pafunika wina.

Poyerekeza malipiro akale ndi a lero tichenjere. Metikali idalowa m'malo mwa eskudo mu 1980. Mu 2006 adachotsa maziro atatu: 1,000 yakale idasanduka 1. Agogo akanena kuti ankalandira mamiliyoni sakunama, koma sikuti adali olemera! Funso labwino ndi ili: malipirowo ankagula zitini zingati za chimanga?

Zonsezi ndi za wantchito wolembedwa. Pamsika zinthu n'zina. Mnyamata amaitanira malonda tsiku lonse pa dzuwa, madzulo apatsidwa kangachepe m'manja. Pepala palibe, tchuthi palibe, ku INSS dzina lake kulibe. Malaya amatchipa, inde, koma mbali ina ya kutchipako walipira ndi iyeyo. Wodzigwirira yekha malonda akhoza kukalembetsa ku INSS, koma 7 yonse ija amapereka yekha.

Tiwerengere limodzi: loja ili ndi antchito 3, aliyense amalandira 12,000 pa mwezi. Kodi mwini loja aonjeza zingati za m'thumba mwake ku INSS pa mwezi? Nanga pa chaka?