Mwini Mkuwa Ndani?

Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi ku Nkana kapena ku Mufulira adziwa bwino kulemera kwa mwala wa mkuwa, adziwanso dzina la kampani imene imlipira pa kutha kwa mwezi. Koma kuti mwala umenewo ngwa yani pamene uli cigonere m'nthaka, usanakumbidwe, ndi funso limene ambiri salifunsa. Alipo anthu ena amene nchito yao ndiyo kufunsa mafunso otere. Iwo ndiwo aphunzitsi a malamulo m'masukulu akuru ochedwa mayunivesite, makamaka amene aphunzitsa malamulo a cuma ca m'nthaka, a madzi ndi a magetsi. Wamkuru pakati pao achedwa Profesa.

Profesa wa malamulo sali woweruza, ndipo masiku ambiri saimira munthu pa bwalo la milandu. Iye aphunzitsa anyamata ndi asungwana amene adzakhala maloya ndi oweruza, koma nthawi yace yambiri ithera m'nyumba zosungiramo makalata akale. Kumeneko atenga lamulo limodzi, nalilondola cammbuyo monga mlenje alondola mapazi a nyama, kufikira apeze kumene linatenga mphamvu yace. Pomwepo alemba buku kuti ena amtsutse kapena ambvomereze. Kwa munthu amene aturuka m'mgodi thukuta liri kamukamu, nchito yotere ioneka ngati kukhala cabe. Mbiri ya mkuwa wa dziko la Zambia isonyeza kuti si tero ai.

Nkhaniyi iyambira m'caka ca 1889, pamene Mfumukazi Victoria anapatsa kampani ya Cecil Rhodes, yochedwa British South Africa Company, cikalata coilola kucita mapangano ndi mafumu a maiko ano. M'mwezi wa June 1890 mzungu wa Kampaniyo, dzina lace Frank Lochner, anapangana ndi Lewanika, mfumu ya Alozi, ku Lealui, ndipo mbusa François Coillard ndiye anali womasulira. Lewanika anali kuopa nkhondo ya Amatebele, nafuna cinjirizo la Mfumukazi. Motero anabvomera kupatsa Kampani mphamvu yakufuna ndi kukumba miyala ya mtengo wapatali m'dziko lace lonse, ndipo iwo anamlonjeza mapaundi 2,000 caka ndi caka. Sipanapite nthawi, mfumuyo inayamba kudandaula kuti inayesa kuti ipangana ndi Mfumukazi, osati ndi anthu amalonda. Pangano lina linalembedwa mu 1900, ndipo m'menemo ndarama zija zinatsika kufika pa mapaundi 850.

Cakum'mawa ndi cakumpoto zinayenda mwa njira yina. Azungu awiri, Joseph Thomson ndi Alfred Sharpe, anayenda m'midzi mu 1890 atanyamula mapepala, mafumu naikapo zizindikiro zao, ndipo mu 1893 Harry Johnston anatsimikiza mapepalawo m'dzina la Boma la Britain. Ngakhale kampani ya North Charterland, imene inatenga malo ambiri kuzungulira Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, inaphuka pa pangano la mtundu womwewo, la Carl Wiese ndi Mpezeni.

Kampani ya Rhodes inalamulira dziko kufikira 1924, pamene inapereka ulamuliro m'manja mwa Boma la Britain. Kulamulira kunali kuidyera ndarama, ndipo inakondwa kutula katunduyo. Koma m'pangano la 1923 inaonetsetsa kuti miyala ya m'nthaka ikhale yace ndithu. Patapita zaka zowerengeka mwai wace unaoneka. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, ndipo Nkana, Mufulira ndi Nchanga inatsatira. Migodi imeneyi Kampani sinakumbe yokha. Okumba anali makampani ena, a Anglo American ndi a Rhodesian Selection Trust, ndipo iwo anali kupereka mtulo kwa Kampani pa tani iriyonse ya mkuwa, monga mlenje apereka mwendo wa nyama kwa mwini dziko.

Kawerengedwe ka mtulowo nkoyenera kukamvetsa. M'zaka za pambuyo pa nkhondo yaciwiri anali kutenga magawo 13 ndi theka pa 100 alionse a mtengo wa mkuwa pa msika wa ku London, nacotsapo mapaundi 8 pa tani. Mwacitsanzo, mkuwa ukagulidwa mapaundi 300 pa tani, mtulo unali mapaundi 32 ndi masireni 10. Sanali kuyang'ana ngati mgodiwo wapindula kapena wataya, ngati mwala wace ngwolemera kapena ngwosauka, ngati pansi pali madzi obvuta kapena ai. Mtulo unali kutsata mtengo wokha, nupita kwa anthu amene ambiri a iwo sanaonepo ngakhale khomo la mgodi.

Apa ndipo pagona mlandu umene akatswiri a malamulo akhala akuupenda. Pali lamulo lakale, lodziwika ku Ulaya ndi kumudzi komwe, lakuti munthu sangapatse mnzace cinthu cimene iye mwini alibe. Dziko la migodi ndi dziko la Alamba, kutali ndithu ndi cigwa ca Zambezi. Kodi Alamba anali kupereka mtulo ku Lealui? Ngati sanali kutero, Lewanika anapereka bwanji miyala ya m'dziko la eni ace? Wofufuza akatsegula mapu akale apeza cinthu codabwitsa. Kufikira 1905 malire a pakati pa North-Western Rhodesia ndi North-Eastern Rhodesia anali kutsata mtsinje wa Kafue, umene upita pakati penipeni pa dziko la migodi. M'caka cimeneco malirewo anasunthidwa cakum'mawa, dziko lonse la migodi niligwera m'cigawo ca kumadzulo, kumene pangano la Lewanika linayesedwa kuti ligwira nchito. Colembera cinafikitsa ufumu wa Alozi kumene mikondo yao sinafike.

Mafunso ena atsatira pamenepo. Kodi amene anaika zizindikiro pa mapepala a Thomson anali mafumu enieni a maiko ochulidwamo, ndipo kodi anamva zimene zinalembedwa? Ndiponso, pa mwambo wa makolo mfumu isungira anthu ace dziko; ingathe kulola mlendo kulima kapena kusaka, koma kodi ingagulitse ca pansi pa nthaka kwa muyaya, kumana ndi ana osabadwa omwe?

Mafunsowa sanayambe ndi nthawi ya ufulu. Bwanamkubwa Sir Hubert Young anakaika za umwini wa Kampani zisanathe zaka za m'ma 1930, koma ku London anamyankha kuti Boma la Britain linaubvomereza kale umwiniwo, makamaka mu 1923, ndipo silingabwezenso mau ace. Roy Welensky anautsanso nkhaniyo itatha nkhondo, ndipo mu 1950 Kampani inalola kupatsa Boma la Northern Rhodesia magawo 20 pa 100 alionse a phindu la mtulo, ndi kutula umwini wonse mu 1986. Ambiri anayesa kuti ndiko kupambana, koma wodziwa malamulo aona msampha wace: pangano lirilonse latsopano linali kulimbitsa lakale, monga dothi lomata pa khoma long'aluka. Ku Southern Rhodesia, kumene Azungu anali kudzilamulira okha, Boma linagula miyala yace kwa Kampani yomweyo mu 1933 ndi mapaundi 2 miliyoni, nkhani nithera pomwepo.

Mu December 1962 bungwe la United Nations linagwirizana pa mfundo yochedwa ndi nambala 1803, yakuti mtundu uliwonse wa anthu uli ndi ulamuliro wosatha pa cuma ca m'dziko lace. Mu 1964 Boma la Kenneth Kaunda, Nduna ya Cuma ali Arthur Wina, linaitana akatswiri a kampani ya Maxwell Stamp kuti afukule makalata onse akale, ndipo mu September linafalitsa zimene anapeza. Linanenetsa kuti umwini wa Kampani ulibe maziko, ndi kuti ngati sagwirizana, dziko likangolandira ufulu lidzasintha malamulo ace ndi kulanda miyalayo popanda kulipira. Anakangana kufikira tsiku lotsiriza. Pa 23 October 1964, patangotsala maora ocepa kuti mbendera ya Britain itsike, mtsogoleri wa Kampani, Paul Emrys-Evans, anabvomera ku Government House mu Lusaka kulandira mapaundi 4 miliyoni, theka locokera ku Zambia ndi theka ku Britain. Zinali ndarama zocepa kwambiri poyerekeza ndi mtulo wa zaka 22 umene Kampani inali kuyembekezabe. Mlandu umenewu sunafike konse pamaso pa woweruza. Mapepala ofukulidwa aja, pamodzi ndi kuumirira kwa Boma latsopano, ndiwo anauthetsa.

Pa nthawi imeneyo dziko linalibe sukulu yaceyace ya malamulo, ndipo nzeru zotere zinali zobwereka. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, sukulu yace ya malamulo niyamba mu 1967. Mmodzi wa ophunzira ace oyambirira, Muna Ndulo, anapitiriza maphunziro ku Harvard ndi ku Oxford, nabwera kudzaphunzitsa ndi kutsogolera sukulu yomweyo, ndipo pambuyo pace anakhala Profesa ku Cornell ku America. Buku lace la 1987, lochedwa Mining Rights in Zambia, lilondola malamulo a migodi kuyambira pa mapangano a mafumu kufikira m'zaka za ufulu. Ku London nako Peter Slinn, amene pambuyo pace anaphunzitsa malamulo kumeneko, analemba mu 1971 mbiri ya Kampani ndi mapangano ace kuyambira 1890 kufikira 1964.

Wowerenga mabuku otere aona msanga kuti za mu 1964 zinali theka cabe la nchito. Mtulo unayamba kulowa m'thumba la Boma, inde, koma zilolezo zimene Kampani inapatsa kale makampani okumba zinakhalabe, zina zopanda tsiku lothera, ndipo malo akuruakuru anali m'manja mwao osakumbidwa. Malamulo akuru a dziko anali kucinjiriza cuma cotere, ndipo kuwasintha kunafuna voti ya anthu onse. Votiyo inacitika mu June 1969. Mu August Kaunda analengeza ku Matero kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani a migodi, ndipo lamulo latsopano la caka comweco linati miyala yonse ya m'nthaka iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Kuyambira pamenepo wofuna kukumba alandira cilolezo ca zaka zowerengeka, cokhala ndi zoyenera kucita. Malamulo a migodi a 1995, a 2008 ndi a 2015 anasintha zambiri, koma onse anasunga mau amenewo. Tanthauzo lace kwa munthu wamba ndi ili: ngakhale ali ndi cikalata ca munda wace, mkuwa wa pansi pa mundawo suli wace. Akabwera a cilolezo, iye angathe kufuna malipiro a malo, mbeu ndi nyumba, koma sangawerengere mwalawo.

Mapepala sanaleke kubvuta. Pogulitsa migodi ya ZCCM, nchito imene inatha mu 2000, Boma linacita mapangano apadera ndi ogulawo, amene anabisika kwa anthu zaka zingapo. Makampani akuru ena analoledwa kupereka mtulo wa 0.6 pa 100, ndiye kuti ngwee 60 pa makwaca 100 alionse, ndi lonjezo lakuti misonkho yao sidzasintha kwa zaka 15 kapena 20. Mtengo wa mkuwa utakwera, anthu anaona kucepa kwace kwa gawo la dziko, ndipo lamulo la 2008 linafafaniza mapanganowo, mtulo nukwera kufika pa 3 pa 100. Pangano lobisika liri ndi coipa ici, kuti palibe Profesa kapena wina aliyense angathe kuliwerenga ndi kucenjeza nthawi ikalipo.

Masiku ano mafunso a madzi akula kulingana ndi a mkuwa, pakuti mtsinje wa Kafue umene umwetsa migodi ndiwo umwetsanso midzi. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anasuma ku London, kunena kuti madzi oipa ocokera ku mgodi wa Nchanga anaononga mitsinje ndi minda yao. Anasumira Konkola Copper Mines pamodzi ndi Vedanta, kampani ya ku London imene inali ndi gawo lalikuru m'menemo. Zaka zinai zinathera pa funso limodzi lokha, lakuti mlanduwo ukambidwe kuti. Mu April 2019 bwalo lalikuru la milandu ku Britain linagamula kuti ungathe kukambidwa ku England, pakuti kampani yaikuru imene iyang'anira macitidwe a yaing'ono ingathe kuyankha mlandu pa zoonongeka, ndiponso anthu osauka ocuruka cotero sakanapeza ku Zambia maloya ndi ndarama zokwanira mlandu waukuru wotere. Mlanduwo uphunzitsidwa tsopano m'masukulu a malamulo m'maiko ambiri. Mu January 2021 mbali ziwirizo zinalengeza kuti zagwirizana kunja kwa bwalo, makampaniwo osabvomera kulakwa, kotero kuti woweruza sananene konse ngati Vedanta inali ndi mlandu pa madzi a ku Chingola kapena ai.