Mpanda wa Komboni ndi Anansi

Munthu amene adakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje kapena pa zitunda za Thyolo, akapatuka pa msewu wochoka ku Mutare kulinga ku Nyanga ndi kuyamba kutsetsereka m'chigwa cha Honde, kumene nkhungu ya m'mawa imanyamuka pa mtsinje wa Pungwe ndi kukakuta phiri la Nyangani, limene ndi mamita ake 2,592 liposa mapiri onse a Zimbabwe, angathe kuyesa kuti mapazi ake amubwezera kwawo iye osadziwa. Tiyi ndi yemweyo, woyalika pa zitunda ngati mphasa yobiriwira. Madengu ali kumsana kwa othyola monga momwe amakhalira kwathu. Ndipo akapitirira kumwera kufikira ku Chipinge, dziko la Andau, adzapeza minda ina yotero yotambalala mpaka m'malire a Mozambique. Koma chimene chidzamugwira mtima koposa mapiri ndi tiyi ndicho kumva m'komboni, pakati pa Chimanyika ndi Chindau, gogo wina wa kwa Phiri akuitana mdzukulu wake m'Chinyanja chakale, chija ngakhale ku Lilongwe chayamba kuiwalika.

Abale athuwa ali ndi mbiri yawo. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Chipinge m'chaka cha 1924, pa munda wotchedwa New Year's Gift, m'mbali mwa mtsinje wa Tanganda umene udapatsa dzina kampani imene lero ili ndi minda ya Ratelshoek, Jersey ndi Zona; ndipo m'chigwa cha Honde minda ikuluikulu monga Aberfoyle ndi Eastern Highlands idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, masiku amene dziko lathu, lotchedwa Nyasaland pa nthawiyo, lidamangidwa m'goli limodzi ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Popeza tiyi ndi mbewu yofuna manja ambiri, pakuti munthu amabudula masamba awiri ndi kansonga kamodzi dzuwa lonse kuti dengu lidzaze, eni minda adatembenukira kwa anthu a ku Mozambique ndi a ku Nyasaland, amene msonkho ndi thangata zidali kuwatulutsa m'midzi mwawo, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi bungwe la Mthandizi, ena wapansi. Ambiri adachoka ndi mtima woti akagula njinga ndi bulangete adzabwerera. Ambiri adasanduka matchona, nakwatira komweko, nagona m'manda a komweko.

Tsono komboni, ngakhale ikhale pakati pa nkhalango, makhalidwe ake ndi a tauni. M'mudzi wa makolo mbava imachita manyazi isanabe, chifukwa mwini nkhokwe ndi malume ake ndipo bwalo la mfumu lili pafupi. Koma m'komboni nyumba zimandandalikana m'mizere, khoma kugundana ndi khoma, ndipo okhalamo adachokera ku mphepo zinayi, opanda nyakwawa wa onse. Kukacha, akulu amatsikira ku munda ndi ku fakitale, ana napita ku sukulu, makomo natsala ndi timaloko timene mwala umodzi ungathyole. Nyengo ya dzinja, tiyi akaphuka kwambiri, kumafika aganyu ambiri amene nkhope zawo palibe akuzidziwa. Kumapeto a mwezi ndalama imalowa m'matumba tsiku limodzi, ina nitsikira ku mowa usiku womwewo. Ndipo malire a dziko ali pafupi kotero kuti njinga, mbuzi kapena sola yobedwa madzulo ingakhale itawoloka tambala asanalire. Eni minda ali nawo alonda awo, inde, koma alondawo adalembedwa kuti asunge fakitale, nyumba za katundu ndi mbewu za kampani. Nanga chitseko cha mayi wothyola tiyi, amene chuma chake chonse ndi mabulangete awiri, foni ndi thumba la ufa, achisunga ndani?

Funso limeneli lakula m'zaka zapitazi, makamaka ku Chipinge, kumene makampani ndi alimi adabzala mtedza wa makademiya ndi mapeyala pambali pa tiyi. Mtengo wa mtedzawo utakwera chifukwa cha ogula a ku China ndi maiko ena, kudabuka magulu a achifwamba oyenda usiku ndi zikwanje, okolola pamene sadafese, ovulaza alonda ndi kuopseza mabanja, kufikira boma m'chaka cha 2019 lidaika lamulo loti olima ndi ogula makademiya alembetse ku Agricultural Marketing Authority. Lamulolo lidaloza pa muzu weniweni wa nkhani, pakuti wakuba sangalimbe mtima popanda womugula. Ndipo chimene chili choona pa makademiya a kampani n'choonanso pa foni ya wantchito. Iye amene wagula chotchipa usiku osafunsa kumene chachokera, yemweyo ndiye wanola chikwanje cha mbala.

Koma tisanaweruze anthu a m'makomboni kuti amachedwa kuulula zoipa, tiyenera kukumbukira masautso amene adawaphunzitsa kukhala chete. M'nkhondo ya ufulu ya m'zaka za m'ma 1970, boma la Ian Smith lidasonkhanitsa anthu a m'chigwa cha Honde m'midzi yozingidwa ndi waya, imene eni ake adali kuitcha makipi, likunena kuti likuwateteza pamene iwo adali kudziona ngati ziweto m'khola. Usana adali kuopa asilikali, usiku naopa ankhondo a m'tchire, ndipo liwu limodzi logwera m'khutu losayenera lidali imfa. Mu Disembala 1976, antchito 27 a pa munda wina wa tiyi m'chigwamo adaomberedwa usiku umodzi pamaso pa akazi ndi ana awo, mbali ziwiri za nkhondoyo nizilozana chala. Ufulu utabwera mu 1980, mtendere sudakhalitse, pakuti kuyambira 1987 zigawenga za Renamo, zimene anthu amazitcha Matsanga, zidayamba kudumpha malire ndi kufunkha m'masitolo, m'masukulu ndi m'minda ya tiyi ya Honde ndi Chipinge, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992. Mbadwo umene udaona zimenezi udatolapo zinthu ziwiri: kuti waya ndi mfuti sizisunga munthu wosauka, ndi kuti pakamwa pamapha. Choyambacho ndi nzeru yoyenera kuisunga; chachiwiricho ndi chilonda choyenera kupola, chifukwa kumene mboni zasoka milomo, mbava ndiyo mfumu.

Chimene chidasunga matchona m'masiku onsewo chidali mpanda wosaoneka ndi maso, umene adamanga okha. Pokhala kutali ndi adzukulu a kwawo, adakhazikitsa magulu a maliro, aliyense nasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mnzawo asadzaikidwe ngati nyama. A Chikhristu adasonkhana m'mipingo, ina mwa iyo pansi pa CCAP imene lero ili ndi Sinodi yake ya Harare. Ayao adamanga mizikiti. Ndipo Achewa adatsegula madambwe, gule wamkulu natuluka m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, kumene eni dziko amamutcha zvigure. Magulu amenewa sadatchedwe a chitetezo, komabe ntchito ya chitetezo adaigwira. Mlendo akafika adali kufunsidwa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake, napatsidwa pogona ndi munthu womuimira ngati nkhoswe. Mnyamata wopulupudza adali kuitanidwa ndi akulu asanagwe m'manja mwa boma. Ndipo mkuwo ukamveka usiku, mzere wonse wa nyumba udali kutuluka, pakuti onse adali kusunga mawu aja akuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Pa maziko oterewa ndi pamene dongosolo la boma lingaime. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, apolisi a Zimbabwe Republic Police akhala akukhazikitsa magulu otchedwa Neighbourhood Watch Committee m'matauni, m'midzi ndi m'minda, ofanana ndi achitetezo a m'dera amene tidawazolowera ku Ndirande kapena ku Kawale. Anthu ake ndi odzipereka, osalandira malipiro a mwezi, otengedwa mwa eni dera omwewo. Amafufuzidwa mbiri, naphunzitsidwa pang'ono za malamulo, nayendera dera usiku ndi tochi ndi wezulo, nthawi zina pamodzi ndi wapolisi. Ndipo akagwira munthu, udindo wawo ndi kumupereka ku polisi ali wamoyo ndi wathunthu. Kumalo kumene munthu angayende mtunda wautali kuti akafike ku polisi ya Ruda kapena ya m'tauni ya Chipinge, kumenenso misewu imaterera mvula ikagwa, anthu amenewa ndiwo maso ndi makutu a lamulo. Palinso mabokosi oponyamo makalata opanda dzina, ndi manambala a foni, kuti iye amene akuopa kuonekera alankhule ali mumthunzi. Nzeru yake ndi yomwe ija ya Nehemiya, amene pomanganso linga la Yerusalemu adalola mabanja kuti akonze chigawo choyang'anana ndi nyumba zawo, pakuti palibe munthu amamanga mwaulesi khoma limene ana ake adzagona kuseri kwake.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo ndodo ikaikidwa m'manja mwa munthu, mayesero amadza nayo pamodzi. Mlonda wosalipidwa, amene wathyola tiyi tsiku lonse nachezera usiku ali chilili, angayambe kulandira kangachepe kwa otcheza kachasu kapena kwa ogula mtedza wakuba. Wina angasandutse ulonda kukhala njira yobwezera amene adakangana naye pa mjigo. Ndipo khamu lokwiya, likagwira munthu pakati pa usiku, limafuna kukhala mboni, woweruza ndi wakupha m'ola limodzi. Pa zotere woyamba kulozedwa chala amakhala mlendo, waganyu wochokera ku Espungabera, tsidya la malire, amene alibe womuimira. Ndipo ife a mtundu wa matchona, amene makolo athu adatukwanidwa m'dziko lomwelo kuti ndi mabwidi opanda mfunda, tiyenera kukhala omaliza kutola mwala. Wogwidwa apite naye ku bwalo la milandu, pakuti mlandu suwola, koma magazi akatayika sawoleka.

Pali mbava inanso imene tochi ya mlonda siiona, chifukwa imagona m'kati mwa nyumba. Akulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'chifukwa chake mayi womenyedwa tsiku la malipiro, kapena mtsikana wogwiriridwa ndi wachibale, kapena wantchito wonyengereredwa ndi womuyang'anira kuti asachotsedwe ntchito, kawirikawiri amameza misozi, poopa kuti mwamuna akamangidwa kapena ntchito ikatha, nyumba ya kampani nayo ipita ndipo ana adzagona panja. M'komboni makoma ndi opyapyala, anansi amamva zonse. Ndipo kumva kulira kwa mwana wa mnzako iwe n'kutembenukira kukhoma ndiko kugawana tchimo ndi womenyayo. Lamulo lilipo. Domestic Violence Act idayamba kugwira ntchito mu 2007. Mu Januwale 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Friendly Unit yomvera nkhani zotere mwachinsinsi. Ndipo mwana aliyense angaimbe 116 ku Childline popanda kulipira. Popeza nkhani zimenezi zimayamba kumveka pa mtondo ndi pa mjigo zisanafike pa bwalo, gulu la ulonda lopanda amayi m'kati mwake lili ndi diso limodzi.

Chotsiriza, chimenenso ndiyesa chachikulu pa zonse, ndi chitupa. Munthu wopanda kalata ya kubadwa kapena chiphaso cha dziko amaopa khomo la polisi monga momwe amaopera mbava, pakuti amaganiza kuti akapita kukadandaula, mafunso adzatembenukira kwa iye mwini. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ndi adzukulu ambiri a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adapezeka kuti Zimbabwe ikuwayesa alendo pamene maiko a makolo awo sakuwadziwa, navumbwa ali pakati pa mapanga awiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza cholakwachi, polamula kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye adali kukhala m'dzikomo pamene malamulowo adatuluka, ndi nzika mwa kubadwa. Koma ufulu wolembedwa m'buku ulibe miyendo yoti ukwere nayo zitunda za tiyi, ndipo mu 2021 bungwe la Amnesty International lidaonetsa kuti ambiri akadali opanda zikalata. Choncho mpingo, mzikiti, gulu la maliro kapena bungwe la antchito a m'minda la GAPWUZ likaperekeza gogo ndi adzukulu ake ku ofesi ya kalembera, lagwira ntchito ya ulonda yoposa ya amuna khumi onyamula zibonga.

Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atagumula mapiri a Chimanimani ndi kusakaza midzi ya Chipinge, milatho itakokoloka ndipo thandizo la kutali lisanafike, amene adayamba kufukula matope ndi makasu ndi manja pofunafuna amoyo adali anansi. Ndipo monga zidalili tsiku la chigumula, momwemonso zilili usiku wa mbava, kuti woyamba kufika pakhomo ndi iye amene amagona pafupi. Chifukwa chake eni minda aike magetsi m'njira za m'komboni ndi kulipira antchito pa nthawi yake, pakuti njala ndi mdima ndizo zimalera umbava. Apolisi alandire wodandaula wosauka ndi ulemu, osayamba ndi kumufunsa kumene agogo ake adabadwira. Ndipo inu abale athu a ku Honde ndi ku Chipinge, pamodzi ndi inu owerenga a ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay amene makomboni anu ali chimodzimodzi, dziwani dzina la amene mwagundana naye khoma, landirani mlendo ndi kumufunsa kwawo, ndipo mukamva mkuwo usiku, dzukani.