AMALINYERO: ANTHU AMENE AMATIBWERETSERA KATUNDU PA MADZI

Ife timakhala ku Lichinga, pamwamba pa mapiri. Kuno kulibe doko, kulibenso sitima ya pamadzi. Ambiri a ife ndife alimi a chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Koma tiyeni tiyang'ane zinthu zimene timagwiritsa ntchito: feteleza, palafini wa nyale, njinga, wailesi, mankhwala a kuchipatala. Zambiri mwa izi zidaoloka nyanja zisanafike m'manja mwathu. Pa matani 10 alionse a katundu amene maiko amagulitsana, matani 8 amayenda pa madzi.

Anthu ogwira ntchito m'sitima za pamadzi timaŵatcha amalinyero. Akakhala mmodzi timati mmalinyero. Dzinali lidachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti marinheiro. M'phunziro lino tiona ntchito yawo, mavuto awo, ndi chifukwa chake mmalinyero ayenera kudziŵa kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera.

1. Njira ya katundu wathu

Nyanja yamchere ili kutali ndi ife, kum'maŵa. Kumeneko kuli madoko atatu aakulu a dziko lathu la Mozambique: Maputo, Beira ndi Nacala. Mwa madoko atatuŵa, limene lili pafupi ndi ife ndi la Nacala. Madzi ake ndi akuya kwambiri, motero sitima zazikulu zimakocheza popanda vuto.

Katundu akatsitsidwa ku Nacala amakwera njanji kapena malole. Njanji imadzera ku Nampula ndi ku Cuamba. Idafika ku Lichinga m'chaka cha 1969, pamene atsamunda ankatcha mzinda uno Vila Cabral. Kuchokera ku Nacala kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 800. Mu 1970 njanji ina idalumikiza Cuamba ndi dziko la Malaŵi, kotero abale athu a ku Malaŵi nawonso amalandira katundu kudzera pa doko lomweli.

2. Sitima za pa nyanja yathu

Ifenso tili nayo nyanja yathu, Nyanja ya Niassa, imene anzathu a tsidya lija amati Nyanja ya Malaŵi. Timatsikirako podzera ku Meponda kapena ku Metangula. M'litali mwake imapitirira makilomita 550, ndipo pamalo ena ndi yakuya mamita 700.

Makolo athu adayenda pa nyanjayi ndi mabwato kuyambira kalekale. Sitima yoyamba yoyendera moto idaloŵamo mu 1875, dzina lake Ilala. Mu 1901 idayamba kuyenda sitima ya amishoni yotchedwa Chauncy Maples. Idapangidwa ku Glasgow, nibwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pamathithi a Shire anthu akuda adasenza zitsulo zake pamutu. Sitimayi inkayendera midzi ya gombe lathu lino, monga ku Messumba, ndipo m'kati mwake munali sukulu.

Sitima za nthaŵi imeneyo zinkayendera nkhuni. Odula nkhuni, osonkheza moto ndi okoka zingwe adali anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mabuku a atsamunda adalemba kwambiri za akaputeni achizungu, koma za antchito aŵa adalemba zochepa. Ife tisaŵaiŵale.

Ilala yachiŵiri idapangidwa ku Scotland mu 1949, niyamba ntchito mu 1951. Ndi yaitali mamita 52. Doko lake ndi Monkey Bay, ku Malaŵi. Pa zaka zambiri idanyamula anthu, chimanga, usipa, simenti ndi malata mpaka ku Chilumba, ndipo pa zaka zina inkaima ku Metangula ndi ku Cóbuè. Pamalo opanda doko inkaponya nangula pakati pa madzi, amalinyero n'kumatuta anthu ndi katundu pa maboti aang'ono, usana ngakhale usiku.

3. Ndani amagwira ntchito m'sitima?

Sitima ili ngati mudzi waung'ono woyandama. Sitima yaikulu ya katundu ya pa nyanja yamchere imakhala ndi anthu pafupifupi 20 okha. Aliyense ali ndi ntchito yake.

Kaputeni ndiye mkulu wa onse. Iye amayankha za sitima, za katundu ndi za moyo wa anthu onse a m'katimo.

Antchito a pamwamba amaongolera sitima. Amaŵerenga mapu ndi kampasi, amamanga zingwe pa doko, amaponya ndi kukoka nangula. Amapala dzimbiri ndi kupaka penti, chifukwa madzi amchere amadya chitsulo tsiku ndi tsiku.

Antchito a ku injini amakhala pansi, m'chipinda chotentha ndi chaphokoso. Amayang'anira injini, mafuta, magetsi ndi mapampu a madzi. Injini ikafa pakati pa nyanja palibe garaja. Amaikonza okha.

Wophika amadyetsa onse katatu pa tsiku, ngakhale pamene mafunde akugwetsa miphika.

Mmodzi akachita ulesi onse amavutika. Paja akulu amati mutu umodzi susenza denga. Masiku ano akazi nawonso amagwira ntchito zimenezi, ena mpaka kufika pa ukaputeni.

4. Sitima sigona

Mlimi amaŵeruka dzuŵa likaloŵa. Sitima imayenda usiku wonse. Choncho amalinyero amagaŵana tsiku ndi kumasinthana pa ulonda. M'sitima zambiri munthu amalonda maola 4, napumula maola 8, nabwereranso maola ena 4. Amene wayamba 12 koloko usiku amaŵeruka 4 koloko m'bandakucha, ndipo amayambanso 12 koloko masana.

Wolonda amayang'ana nyali za sitima zina. Sitima iliyonse imayatsa nyali yofiira kumanzere kwake ndi yobiriŵira kumanja kwake. Poona nyalizi mlonda amadziŵa kumene sitima inzake ikuloŵera. Zonse zochitika amazilemba m'buku la sitima: nthaŵi, mphepo, liŵiro ndi malo amene afika. Womulandira pa ulonda amaŵerenga bukulo. Akalemba molakwa, mnzakeyo akhoza kugunditsa sitima pa mwala.

5. Mzere wa pa nthiti ya sitima

Kale eni ake a sitima ena ankalonga katundu wopitirira muyeso pofuna phindu. Sitima zinkamira, amalinyero n'kumafa. Ku Britain munthu wina dzina lake Samuel Plimsoll adalimbana ndi mchitidwe umenewu, ndipo mu 1876 kudakhazikitsidwa lamulo lakuti sitima zikhale ndi chizindikiro pa nthiti pake. Chizindikirocho ndi bwalo lodulidwa ndi mzere. Polonga katundu sitima imatitimira pang'onopang'ono. Madzi akafika pa mzere uja, kulonga kwatha.

Pambali pa bwalolo pali mizere ina. Umodzi ndi wa madzi opanda mchere. Chifukwa chake n'chakuti madzi amchere amanyamula chinthu kuposa madzi a mumtsinje. Tikhoza kuyesa tokha. Tiike dzira m'kapu ya madzi akumwa: limira. Tithiremo mchere wambiri ndi kutakasa: dzira liyandama.

Kaikidwe ka katundu n'kofunikanso. Wolemera amaikidwa pansi, wopepuka pamwamba, ndipo mbali zonse ziŵiri zilingane. Katundu amamangidwa kuti asasunthe. Akatsetserekera mbali imodzi pa nthaŵi ya namondwe, sitima imapendekeka ndipo ikhoza kugubuduka.

Phunziro ili ndi lathunso. Boti la ku Metangula likadzaza, ladzaza. Tisakakamize mwini boti kuonjezera thumba kapena munthu.

6. Mphepo ndi mafunde

Asodzi athu amaudziŵa mwera, mphepo yochokera kumwera imene imaomba m'miyezi yozizira. Amaudziŵanso mpoto wa nthaŵi ya dzinja. Mphepo zimenezi zimautsa mafunde aakulu mwadzidzidzi.

Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya idakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja yathu, itachoka ku Mbamba Bay. Idagubuduka nimira, ndipo anthu 145 adafa. Sitima yachitsulo yatsopano sidapose nyanja.

N'chifukwa chake amalinyero amamvera nkhani za nyengo pa wailesi. Amaphunzira kuzimitsa moto, kuvala majekete oyandamitsa ndi kutsitsa maboti opulumukira. Amayeserera zimenezi kaŵirikaŵiri, kuti tsiku la ngozi aliyense adziŵe pomwe ayenera kuima.

7. Kutali ndi kwawo

Mmalinyero wa pa nyanja yamchere amachoka kwawo miyezi yambiri. Mvula imagwa, chimanga chimacha, iye kulibe. Mwana amabadwa, maliro amachitika, iye ali pakati pa madzi. Wotsala pakhomo ndiye amalima ndi kulera ana yekha. Makolo a kuno amene abale awo adapita ku migodi ya ku Joni amaudziŵa moyo wotere.

Enafe timaganiza kuti mmalinyero amaona dziko lonse. Zoona zake n'zakuti nthaŵi zambiri amaona madzi ndi mitambo basi. Chiyambire 1956 katundu wambiri adayamba kulongedwa m'makontena, mabokosi achitsulo otalika mamita 6 kapena 12. Makina amaŵatsitsa msanga. Kale sitima inkakhala pa doko masiku ambiri, koma ya makontena imachoka patangotha tsiku limodzi kapena aŵiri. Mmalinyero sapeza mpata woyenda mumzinda.

Pali eni sitima ena oipa amene amasiya antchito pa doko lachilendo osaŵalipira. Pofuna kuteteza amalinyero, maiko adapangana pangano mu 2006, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2013. M'maiko amene adalivomereza, panganoli limati:

Mwana wosakwana zaka 16 asagwire ntchito m'sitima.
Mmalinyero akhale ndi kalata ya pangano la ntchito, ndipo aiŵerenge asanasaine.
Malipiro alandire mwezi ndi mwezi.
Nthaŵi yake ikatha, mwini sitima alipire ulendo wake wobwerera kwawo.

8. Chifukwa chake tiyenera kuŵerenga

Lamulo lolembedwa limathandiza munthu woliŵerenga. Amene amangodinda chala pa kalata sadziŵa zimene wavomera. Amene sadziŵa manambala sangaŵerenge matumba oloŵa m'sitima, sangadziŵenso ngati malipiro ake akwanira. Pa mipope, pa migolo ya mafuta ndi pa zitseko za sitima pali mawu ochenjeza. Wosaŵerenga akhoza kutsegula mpope wolakwika ndi kuika anzake onse pa ngozi.

Ntchitoyi ili ndi sukulu zake. Ku Maputo kuli Escola Superior de Ciências Náuticas. Ku Malaŵi sukulu ya amalinyero ili ku Monkey Bay. Mmalinyero wa dziko lathu amakhala ndi kabuku ka boma kotchedwa cédula marítima, momwe mumalembedwa sitima zimene wagwiramo ntchito. Tichenjere ndi anthu oyendayenda amene amapempha ndalama nalonjeza ntchito ya m'sitima. Njira yoona imadzera ku sukulu ndi ku maofesi a boma.

Inu makolo, mwana wa mlimi wa ku Niassa akhoza kudzaongolera sitima. Koma ulendo wake umayambira pa zilembo zomwe tikuphunzirazi. Tiyeni titumize ana ku sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo ifenso tisajombe ku kalasi lathu. Pa 25 Juni chaka chilichonse maiko amakumbukira amalinyero. Ifenso tiziŵakumbukira tikamamasula thumba la feteleza.

Mawu oti tilembe

mmalinyero, amalinyero, doko, nangula, kaputeni, namondwe, mwera, kontena

Tiŵerengere

Thumba limodzi la feteleza limalemera makilogalamu 50. Matumba 20 amakwana tani imodzi. Boti lina limaloledwa kunyamula matani 3. Kodi tilongemo matumba angati?

Mmalinyero amalonda maola 4 kaŵiri pa tsiku. Kodi pa masiku 7 walonda maola angati?

Tikambirane

1. Tchulani zinthu zitatu za m'nyumba mwanu zimene zidabwera pa sitima ya pamadzi.
2. Kodi mzere wa pa nthiti ya sitima umateteza yani?
3. Mwini boti akafuna kukweza anthu opitirira muyeso, ife okwera tichite chiyani?
4. Kodi munthu ataya chiyani akadinda chala pa kalata imene sanaiŵerenge?