Galimoto yakale imafunadi petulo wapamwamba?

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga adafika kuno ku Chirimba kuchokera ku Joni. Ataona Corolla yanga ya 1996, adapukusa mutu n'kuti: "Azakhali, galimoto yokalamba chonchi imafuna petulo wapamwamba, wa 95."

Ndidada nkhawa, poti ndidaigula ndi ndalama za penshoni, komanso ndi yomwe timathamangira nayo ku Gulupu wina akadwala usiku.

Ku Joni kuli petulo wa 93 ndi wa 95. Manambalawa sakutanthauza mphamvu ayi. Amangosonyeza mmene petuloyo amapirira kupanikizidwa mu injini asadayake. Akayaka nthawi isadakwane, injini imalira ngati timiyala m'chitini, makamaka pokwera chitunda. Nambala yoyenera imatengera kapangidwe ka injini, osati zaka zake, ndipo imalembedwa m'buku la galimotoyo. Zaka zonse ndili namwino ndinkauza odwala kuti kuwonjezera mankhwala pa mlingo womwe adokotala alemba si kuchira msanga. N'chimodzimodzi apa: nambala yopitirira yomwe injini ikufuna ndi kungotaya ndalama.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yapafupi. Bungwe la MERA limalengeza mtengo umodzi wa petulo, ndipo palibe zosankha 93 kapena 95. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pomwe adayamba kumupanga ku Dwangwa. Ethanol amakweza nambala ija, koma amakoka chinyezi komanso amatha kuumitsa mapaipi akale a labala. Choncho uzani makaniko aziwaona, akayamba ming'alu asinthe. Fyuluta ndi mapulagi nazo muzisintha pa nthawi yake. Galimoto isakhale miyezi itangoima ndi petulo wochepa m'thanki.

Chomwe chimapha injini ndi petulo wa m'zigubu, uja timathamangira mafuta akasowa monga mu 2011. Ena amathiramo palafini, dothi ndi madzi osanena. Ndipo chonde musamakoke petulo ndi pakamwa. Akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa, ndidaziona ndi maso angawa kuwodi.

Injini ikamagogodabe, musathamangire timabotolo tothira m'thanki. Pitani kwa makaniko aipime kaye. Nanga wodwala timam'patsa mankhwala tisadamuyeze?

Mwana uja ndidamuyankha kuti ndalama ya 95 yo andigulire fyuluta. Adagula.